Mmene Gologolo Anakonzera Chakudya cha Kwa Manthu

Padangokhala! Amene muli nane senderani kuno, amene mwakhuta kale musatisokoneze.

Kalekale, nyama zikadagulitsana malonda popanda kudyana, pamphambano panali msika, ndipo pansi pa mkuyu wa pamsikapo pankaphika Mayi Nkhanga. Malo awo odyera analibe dzina, analibe chitseko, ndipo mipando yake inali miyala ndi chipika chimodzi chogwedera. Ukafunsa kuti lero kuli chiyani, yankho linali lomwelo tsiku lililonse: "Kuli zimene ndaphika." Lero futali, mawa mpunga wa nyemba, mkuja nkhwani wotendera wokoma mpaka kudziluma lilime.

Koma ndisakunamizeni ayi, panalinso masiku ena. Mayi Nkhanga akayambana ndi amuna awo m'mawa, msika wonse unkadziwira m'ndiwo, poti mchere unkachita kuluma. Utsi unkakuliza, chakudya chinkachedwa, ndipo pamwamba pa zonsezo mayiwo anali ndi pakamwa. Ankadziwa amene m'mimba mukumuvuta, amene mkazi wamuthawa, amene dzino lamugwedera, ndipo aliyense ankamuphikira molingana ndi vuto lake kwinaku akumulalatira. Mwambo wawo wosasintha unali umodzi: msuzi sagulitsa. Ukamaliza ndiwo n'kutukula mbale, ankakuthirira wina ulere.

Pamwambo umenewu ndi pamene panapachikika moyo wa Gologolo. Iyeyu ankakhala mumkuyu momwemo, pamwamba pa miphika, ndipo chibadwire anali asanagulepo chakudya. Dzuwa likafika pamutu ankatsika ndi kambale kake n'kukatukula ngati munthu amene wamaliza ndiwo, chikhalirecho ndiwozo sanaziyambe n'komwe.

"Mayi, kamsuzi pang'ono."

"Ndiwo zake unagula liti, iwe?"

"Ndinazidya ndi maso, mayi. Watsala msuzi wokha."

"Ulesi udzakupha! Bweretsa kuno kambaleko."

Ankamuthirira, n'kumupalirakonso zokanirira pansi pa mphika, n'kumuwazira tsabola wambiri poti ankadziwa kuti amamukonda. Gologolo ananenepa ndi matukwano amenewo.

Ndiye chaka china kunabwera Chiswe. Anamanga chulu panjira ya kum'mawa, china panjira ya kumadzulo, china padoko, china kuseri kwa phiri, ndipo chulu chilichonse chinali malo odyera otchedwa Kwa Manthu. Manthuyo, mayi wa chiswe chonse, palibe anamuonapo. Ankakhala kutali pansi pa nthaka, ndipo malamulo ake ankathamanga m'njira zapansi n'kufika m'zulu zonse nthawi imodzi. Ukalowa chulu chimodzi ndiye kuti walowa zonse: mipando yofanana, mbale zofanana, chakudya chimodzimodzi, mpunga ndi bowa wokazinga, ndi kachikho kamodzi ka msuzi. Njovu kachikho kamodzi, Mbewa kachikho kamodzi.

Mlendo akangoponda pakhomo, operekera zakudya ankafola mizere iwiri n'kuyamba nyimbo yawo. Inali nyimbo yothamanga, yoyimbira m'mphuno, ndipo m'malo mwa ng'oma ankagogoda mitu pansi onse pamodzi. Mawu ake ankatamanda Manthu, n'kulonjeza kuti mbale ya kuno ndi mbale ya konse, ya wamkulu ndi ya wamng'ono yemwe, ndi kuti palibe adzatuluke pakhomopo ali ndi dandaulo. Pothera pake mitu inkagunda pansi mwamphamvu, kenako zii.

Tinene zoona, kunali kwaukhondo. Utsi kunalibe, ntchentche zinkabwezedwa pakhomo, chakudya chinkafika usanakhazikike bwino, ndipo palibe ankakufunsa za mkazi wako. Nyama zinakhamukira komweko. Wotsogolera anali Nyani, amene anakhalako kutauni masiku owerengeka n'kubwerako atayiwala dzina la therere. Iye ankakhala pampando wa pakhomo penipeni kuti odutsa azimuona akutafuna.

Posakhalitsa Kapitawo wa Chiswe anapita kwa a Njiri, mkulu wa msika, amene ankagawa malo.

"Bwana, tikufuna pansi pa mkuyu. Timangepo chulu china."

"Nanga Mayi Nkhanga?"

"Kwawo kumadya ndani masiku ano?"

A Njiri sanali munthu woipa, koma anali ndi nthenda imodzi: ankaopa kuoneka otsalira. Anakanda njerewere zawo, n'kugamula kuti mwezi ukadzaoneka adzadya Kwa Manthu, adzadyanso kwa Mayi Nkhanga, ndipo kumene mimba yawo idzakondwe ndi kumene kudzatenge malowo.

Masana a tsikulo Gologolo anatsika ndi kambale kake monga mwa masiku onse. Mayi Nkhanga anangomuthirira msuzi. Osamutukwana, osamutchula ulesi, osamuyang'ana n'komwe. Gologolo anagwidwa ndi mantha enieni, chifukwa msuzi wopanda matukwano anali asanaumwepo, ndipo sunatsike bwino.

"Mayi, akakuchotsani pano mupita kuti?"

"Ndikakhala pakhomo n'kumayang'anana ndi amuna anga aja. Miphika iyi inali ya mayi anga, ndipo anaphikira pamafuwa omwewa." Anapukuta m'maso ndi phiko n'kunamizira utsi. "Koma iwe ukudandaula za ine kapena za mimba yako?"

"Zonse ziwiri, mayi. Zinakulira limodzi."

M'mawa mwake Gologolo anachita chinthu chimene chinamupweteka mtima mpaka kumchira: anafukula mtedza wake wobisa n'kupita kukagula chakudya Kwa Manthu, kuti akaone mdani ndi maso ake. Anamuyimbira nyimbo, mitu inagunda pansi, mbale inafika. Analawa, ndipo chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti chakudyacho chinali chokoma ndithu. Atamaliza anatukula mbale mwachizolowezi.

"Kamsuzi pang'ono."

"Kachikho ndi kamodzi, olemekezeka kasitomala," anatero Kapitawo. "Kuno ndi konse."

"Ngakhale kadontho?"

"Tikakudonthezerani inu, tiyenera kudonthezera aliyense m'zulu zonse."

Gologolo anapsa mtima, n'kufunafuna choti anyoze. "Ndiponso tsabola wanuyu wandiwotcha pakamwa! Ndikutuluka ndili ndi dandaulo!"

Bodza lenileni, poti tsabolayo kwa iye anali wochepa. Koma mawuwo atangomveka, chulu chonse chinaima. Operekera zakudya anaumira pomwe anali, Kapitawo anathamangira kuuna wa pakona n'kunong'oneza pansi, ndipo onse anadikira makutu ali kunthaka. Mbale zisanazizire, yankho linafika.

"Manthu wamva dandaulo lanu," anatero Kapitawo. "Tsabola wachotsedwa, kuno ndi konse."

"Konse? Chifukwa cha ine ndekha? Bwanji osangondiphikira ine padera?"

Kapitawo anadzidzimuka ngati wamva zotukwana. "Padera? Ndiye kuti mbale zasiyana! Ife sitisiyanitsa. Chimene wina wadandaula nacho timachichotsa, basi."

"Nanga wina akadandaula kuti tsabola mulibe?"

"Kuwonjezera kumafuna kuti zulu zonse ziyeze, zigwirizane, ndipo zimatenga zaka. Kuchotsa n'kwa lero lomwe."

Gologolo anatuluka pang'onopang'ono, koma atangokhota analiyatsa liwiro mpaka ku chulu cha kudoko. Ananunkhiza pakhomo: tsabola mulibe. Anathamangira cha kuseri kwa phiri: mulibe. Anabwerera ku mkuyu akuvina, mchira uli m'mwamba.

"Mayi, musamange katundu! Mawa onse abwerera kuno!"

Sanabwerere. Nyani analawa bowa wopanda tsabola, n'kutukula chala. "Ichi ndiye chamakono. Tsabola ndi wa kumudzi, amabisira ndiwo zowola." Nyama zinagwedeza mitu, ndipo mzere wa Kwa Manthu unatalika kuposa dzulo.

Gologolo sanagwe mphwayi. Anapita kwa Nkhono, amene anali mmodzi mwa ochepa otsalira kwa Mayi Nkhanga, chifukwa mayiwo ankamupatulira ndiwo zake asanathire mchere.

"Achimwene, tiyeni ndikakudyetseni kwa azungu a pansi pa nthaka."

"Iwe kudyetsa munthu? Wadwala?"

"Ndalapa. Kwerani pamsana, tikayenda mwa inu tikafika mwezi utaoneka kale."

"Nanga mchere? Ukudziwa kuti ine ndi mchere sitimwerana madzi."

"Mungonyambita pang'ono, kenako munene zoona. Sindikukupemphani bodza."

Anafika, nyimbo inayimbidwa, mitu inagunda pansi. Nkhono anangokhudza msuzi ndi nsonga ya mlomo, ndipo thovu linayamba kutuluka. Linatuluka m'kamwa, linatuluka m'chigoba, linayenderera patebulo mpaka pamapazi a Nyani.

"Mayo! Ndikusungunuka! Mchere wanu wandipha!"

Gologolo anamuthira madzi msangamsanga kwinaku akukuwa kuposa wodwalayo. Kapitawo anathamangira kuuna, makutu anapita kunthaka, ndipo yankho silinachedwe: mchere wachotsedwa, kuno ndi konse. Operekera zakudya anabwereza nyimbo yawo ndi chimwemwe chomwecho, mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi.

Pobwerera Nkhono sanamulankhule Gologolo njira yonse, kupatula kumuuza kuti akadzamwalira asadzabwere pamaliro.

Tsopano mpunga wa Kwa Manthu unali ngati ukutafuna mphasa. Nyama zinkatafuna zikuyang'anana m'mbali, iliyonse ikudikira inzake kuti iyambe kunena. Koma Nyani anawatsogolera kale. "Mchere umakweza magazi. Kutauni anthu ophunzira anausiya kalekale." Ndani akanafuna kuoneka wosaphunzira? Anameza, namwetulira, nabweranso mawa lake.

"Nzeru zakozi zikungowanenepetsa," anatero Mayi Nkhanga akutsuka mphika umene sunadetsedwe n'komwe.

"Dikirani, mayi. Ndikuphika pang'onopang'ono."

Ulendo wachitatu anatenga Chule. Ameneyu sanavute kunyengerera, poti Chule akamva za chakudya safunsa mafunso. Vuto lake n'lakuti satafuna ndipo sapemerera, amangoponya lilime. Mbale itafika ikutentha, Gologolo anati, "Fulumirani, achimwene, kuno akachedwa nayo amalanda." Lilime linaponyedwa, linamata pabowa wamoto, ndipo Chule anadumpha mpaka kugunda denga.

"Moto! Moto wanu wandiwotcha lilime!"

Kapitawo kuuna, makutu kunthaka, yankho: moto wachotsedwa, kuno ndi konse. Kuyambira tsikulo Kwa Manthu ankapereka bowa wosaphika, mpunga wonyika m'madzi ozizira, ndi kachikho kamodzi ka madzi amene bowayo anatsukiramo. Nyimbo yokha ndiyo inatsala yotentha.

Nyani anatafuna mpunga uja, mano akuchita kulira, misozi ili m'maso. "Zosaphika," anatero atameza movutikira, "ndizo zimadyedwa m'mahotela akuluakulu."

Apa nyama zina zinayamba kuzemba. Zinkadya Kwa Manthu kuti zionedwe, kenako n'kuzungulira kuseri kwa mkuyu n'kunong'oneza kuti, "Mayi, kangachepe, koma musauze munthu." Gologolo anayamba kuyenda modzitukumula. Koma Mayi Nkhanga anamukhazika pansi.

"Iwe, waiwala kuti woweruza ndi ndani? A Njiri amadya mizu yaiwisi ndi dothi lake lomwe. Bowa wosaphika kwa iwo ndi phwando. Ndiye Nyani akadzawauza kuti ndi zamakono, adzanyambita mbale n'kupereka malo anga."

Mchira wa Gologolo unagwa. Zimenezo anali asanaziganize.

Mwezi unaoneka. M'mawa wa tsiku la chiweruzo Gologolo anadzutsidwa ndi phokoso pansi pa mkuyu. Amuna awo a Mayi Nkhanga anali atabwera ndi zingwe zomangira miphika, ati kuti madzulo asadzavutike. Zimene anayankhidwa sindingazibwereze pano, pali ana. Bamboyo anathawa zingwe zili m'manja, ndipo Gologolo anaona ndi maso ake dzanja la mayiwo likulowa m'chikho cha mchere, kutuluka, kulowanso, kutuluka, kulowanso. Anatsika n'kulawa nyemba mwakuba, ndipo maso anachita kutuluka. Lero, lero lenilenili!

Anakhala panthambi mutu uli m'manja. Kenako anaona a Njiri akubwera, atadzola mafuta, mimba ili pepuu poti kuyambira dzulo sanadye kuti asiye malo. Pambuyo pawo pankabwera Nyani ndi msika wonse. Gologolo anatsika n'kuwagwadira.

"Bwana, muyambire Kwa Manthu. Zachikale muzimalizira."

"Ndimaganiza zomwezo."

"Komatu bwana," anatsitsa mawu, koma osati kwambiri, kuti Nyani amve, "musakachite manyazi kumeneko. Mukudziwa mmene akuluakulu amadyera m'malo otere?"

A Njiri anaima. "Amadya bwanji?"

"Mbale yoyamba ndi ya anthu wamba. Wamkulu sailawa n'komwe. Amaikankha, n'kunena mokweza kuti chakudyacho chamunyansa. Akatero eni malo amadziwa kuti kwabwera bwana, ndipo amamuchitira zimene sanachitirepo wina aliyense. Amene amangolandira n'kuthokoza amaoneka kuti ndi wa kumudzi. Kapena ndikunama, a Nyani? Inu mwakhalako kutauni."

Nyama zonse zinatembenukira kwa Nyani. Iye zimenezi anali asanazimvepo chibadwire, koma akanavomera bwanji pagulu?

"Ndi mmene timachitira," anatero akukonza ubweya wa pachifuwa. "Ine ndimadabwa kuti Gologolo wazidziwira kuti."

Analowa. Mizere iwiri inafola, nyimbo inayamba, mitu inagunda pansi. Kapitawo anati, "Takulandirani, olemekezeka kasitomala," monga ankanenera kwa Mbewa ndi kwa wina aliyense, ndipo a Njiri zinawakhumudwitsa pang'ono kuti dzina lawo silinatchulidwe. Anawakhazika pampando. Tsono a Njiri chibadwire amadya chogwada, ndipo pampandopo anakhala ngati thumba loikidwa pachitsa, miyendo ili lendelende. Anapirira poti anthu ankaona.

Mbale inafika. Bowa waiwisi uja anawanunkhira bwino a Njiri, malovu anadzaza m'kamwa, mphuno inayamba kutsika yokha. Gologolo anatsokomola. A Njiri anadzigwira, anatseka maso, n'kukankha mbale ija ndi chiboda.

"Chakudya ichi chandinyansa!"

Chulu chinaima. Kapitawo anayandikira. "Pepani, olemekezeka kasitomala. Chakunyansani ndi chiti, mpunga kapena bowa?"

A Njiri anayang'ana kwa Gologolo. Gologolo anatambasula manja onse awiri.

"Chonse!" anabangula a Njiri. "Mpunga, bowa, msuzi, chonse!"

Kapitawo anapita kuuna. Ananong'oneza. Makutu anapita kunthaka. Ulendo uno yankho linachedwerapo, ndipo a Njiri anatsinzinira Nyani diso, kusonyeza kuti zamabwana zikukonzedwa. Kenako Kapitawo anadzuka, nkhope itawala, n'kuwomba m'manja. Operekera zakudya anazungulira matebulo onse n'kulanda mbale iliyonse, ngakhale ya Mbewa amene anali atangoyamba kumene. Anabweranso mwadongosolo, akuyimba, n'kuika pamaso pa aliyense mbale yotsukidwa bwino, yonyezimira, yopanda kanthu.

A Njiri anayang'ana m'mbalemo n'kuona nkhope yawo yokha.

"Chakudya chili kuti?"

"Chachotsedwa, olemekezeka kasitomala. Kuno ndi konse. Simudzadandaula nachonso."

"Ndiye ndidya chiyani?"

"Mpando ulipo, mbale ilipo, nyimbo ilipo."

"Bwezerani bowa uja! Ndimangocheza!"

"Kubwezera ndi kuwonjezera, olemekezeka kasitomala. Zulu zonse ziyenera kuyeza, zigwirizane. Tidzakudziwitsani."

Ndipo poona kuti mlendo sakuoneka wokondwa, operekera zakudya anayambanso nyimbo ija mokweza, yolonjeza kuti mbale ya kuno ndi mbale ya konse ndi kuti palibe adzatuluke ndi dandaulo. Kunena zoona, tsiku limenelo mbale zinafananadi kuposa kale lonse.

Mimba ya a Njiri inalira mpaka kuposa mitu yogunda pansi. Anatembenukira kwa Nyani. Nyani ananyamula mbale yake yopanda kanthu, anainyambita mwaulemu, n'kunena ndi mawu ofooka kuti, "Chopepuka m'mimba."

Mpando wa a Njiri unathyoka. A Njiri anatuluka mchira uli chilili, osatsanzika, ndipo msika wonse unawatsatira mpaka pansi pa mkuyu.

Mayi Nkhanga sanayimbe nyimbo. Anangowayang'ana a Njiri kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuponya chiguduli pansi.

"Gwadani apo, mawondo anuwo ndikuwadziwa. Mwachita kuwonda tsiku limodzi? Akudyetsani chiyani kumeneko?"

"Nyimbo, mayi."

Anawapakulira mpunga ndi nyemba. A Njiri anagwada, anadya kamodzi, ndipo nkhope inakwinyika. Gologolo mumtengo anatseka maso.

"Mayi," anatero a Njiri pang'onopang'ono, "mwayambananso ndi bambo a kunyumba?"

"Idyani, musandifunse za m'nyumba mwanga!"

"Koma mcherewu waluma."

Nyama zonse zinagwira mbale zawo mwamphamvu, poopa kuti zilandidwanso. Mayi Nkhanga anang'ung'udza, anatenga mbale ya a Njiri yokha, anathiramo madzi otentha ndi nsinjiro, anaphwanyiramo mbatata yophika, anatakasa, n'kuibweza.

"Lawani tsopano. Wina amene mchere wamuluma abweretse mbale yake. Amene uli bwino adye, asandiyang'ane."

A Njiri anadya osadzutsa mutu. Atamaliza anatukula mbale mwamanyazi, ndipo msuzi unathiridwa asanatsegule pakamwa. Anatukulanso, unathiridwanso, ndi mawu akuti adzaphulika. Atakhuta anagona chammbali pachiguduli pomwepo n'kugamula mlandu maso ali otseka: pansi pa mkuyu ndi pa Mayi Nkhanga, iwo ndi ana awo, ndipo amene akufuna kumangapo chulu ayambe wadya mbale yopanda kanthu.

A Chiswe akuti mpaka lero akadayezabe za kubwezera chakudya, ndipo poyembekezera yankho amangodya mitengo ndi madenga a eni. Mukadzaona Nyani atakhala pamwamba pa chulu, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wofunika, musamuseke kwambiri. Akudikira mbale yake.

Koma nkhani ya Gologolo sinathere pamenepo. Iye tsiku lonselo anali mumtengo kufotokozera aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, mmene anagwetsera Manthu. Pamene ankatsika ndi kambale kake dzuwa linali litapendeka, anthu atabalalika, ndipo miphika yonse inali yotsukidwa, yovundikiridwa pathandala.

"Mayi, kamsuzi pang'ono."

"Watha."

"Zokanirira?"

"A Njiri apala ndi mano. Si iwe wandibweretsera msika wonse? Anzako agula, adya, apita."

Gologolo anayang'ana miphika ija, anayang'ana kambale kake. Anamva chisoni chenicheni, chosachita kupanga. Mtedza wake unathera Kwa Manthu, Nkhono sankamulankhula, Chule ankamusaka, ndipo malo amene anawapulumutsa analibenso kadontho ka iye. Anatembenuka n'kuyamba kukwera mtengo, mchira ukukokeka pansi.

"Iwe, ukupita kuti? Tavundukula apo."

Kuseri kwa mafuwa, paphulusa lofunda, panali mbale yovundikira. Gologolo anavundukula. Simunali msuzi wokha ayi. Munali mpunga, nyemba zenizeni zodzaza, nkhwani wotendera pambali, ndipo pamwamba pake tsabola wofiira waziriwaziri. Analawa, ndipo mchere unali wa pamuyeso wake.

"Mayi, izi mwapatula liti?"

"M'mawa, ndisanathire mchere wa mkwiyo uja."

"M'mawa? Musanadziwe kuti mupambana?"

"Ndimati ngati lero ndi lomaliza, mlesi wangayu adyeko ndiwo kamodzi pamoyo wake. Tsabolayo ndachulutsa dala, poti ndinamva kuti amakuwotcha pakamwa. Idya, usandiyang'ane ngati mwana wamasiye."

Gologolo anadya, misozi ikutsika, n'kunamizira tsabola. Mayi Nkhanga anayang'ana kumbali, n'kunamizira utsi, ngakhale moto unali utazima kale. Atamaliza ananyambita zala, kenako anatukula mbale ija m'mwamba ndi manja awiri.

"Mayi, kamsuzi pang'ono. Lero ndiye ndiwo ndadyadi."

Chipande chinamupeza pakati pa makutu. Koma atatsegula maso, mayiwo anali akuvundukula kamphika kena kamene anabisa kuseri kwa nkhuni.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula. Amene wasungiridwa mbale kwinakwake apite akavundukule isanazizire.